Tsiku Limene Ndinabwereka Ana a Eni

Manyazi akanakhala kuti amapha, bwenzi pano anthu atadya kale nyemba za pa maliro anga. Poti sindinafe, ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi muimve kwa mwini wakene, chifukwa m'tauni muno nkhani ikadutsa mumsika imatuluka itamera nyanga ndi mchira womwe. Ena akunena kale kuti ndinagula ana. Sindinagule mwana wa munthu ine, ndinangobwereka.

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 2 pa sukulu ina ya boma kuno ku Old Town, kufupi ndi msika waukulu. (Dzina la sukuluyo sinditchula. Ahedi athu amadwala kuthamanga magazi, ndipo ndawaonjezera kale kokwanira.) Ana m'kalasi mwanga ndi ochuluka moti kuti ndifike kumbuyo ndimachita kudumpha miyendo ya anthu. Ambiri ndi ana a anthu a geni: ogulitsa nsalu, a tomato, a misomali ndi maloko, atelala, owotcherera zitsulo. Ana ochenjera, abale inu. Kamwana koti mano akutsogolo sanamere bwino sungakabere chenje. Koma kuwerenga ndiye ayi.

Chimene chimanamiza anthu n'chakuti ukaima panja umamva ngati m'katimo mukuchitika zazikulu. Ine ndikaloza pa bolodi n'kutchula, onse amabwereza pamodzi, mokweza, mpaka malata kulira. Buku lathu, lomwe amachita kuunjikirana ana angapo pa limodzi, analiloweza lonse pamtima. Koma mutenge mwana mmodzi, mutsegule pakati, mumuikire chala pa liwu limodzi. Amayang'ana kudenga, n'kuyamba kuimba za tsamba loyamba. Ndaphunzitsa chonchi zaka zambiri, ndipo pena ndikaweruka ndimangokhala pa mpando osavula ndi nsapato zomwe, kumadzifunsa kuti kodi ntchito yanga ndi kuphunzitsa kapena kutsogolera kwaya.

Izi n'zimene zinachititsa kuti ife aphunzitsi a makalasi aang'ono m'sukulu za mbali ino tiyambe kukumana Loweruka. Palibe anatituma, ndipo panalibe alawansi (izi zinathawitsa ena sabata yoyamba yomwe). Tinkakhala pa madesiki a ana, mawondo atagunda chibwano, n'kumaphunzitsana momwe tingamvetserere mwana aliyense payekha, momwe tingadulire makatoni a sopo n'kulembapo zilembo, momwe tingasiyire zoimbitsa zija. Wapampando wathu anali mayi Chimwaza, mphunzitsi wachikulire wa pa sukulu ina, munthu wofatsa amene sakweza mawu ngakhale utawaponda. Wokweza mawu ndinali ine. Ndine ndinkamenya desiki n'kumati, "Anzanga, tisiye kudzinamiza. Ana athu sawerenga, ndipo tikamabisa tikupha ana a eni." Ankandiombera m'manja, ine n'kumamva kukoma.

Panali mwana mmodzi amene ankandisowetsa mtendere, dzina lake Asiyatu. Anali wobwereza kalasi, wamtali pang'ono kuposa anzake, wachete, wosajomba ngakhale kugwe mvula yotani. Amayi ake amagulitsa zitenje mumsika. Kumayambiriro kwa chaka anabwera okha kudzandipeza pakhomo la kalasi.

"Madamu, ine ndabwera ndi mawu amodzi," anatero. "Chaka chino n'chomaliza. Akapanda kuwerenga, abwere adzandithandize pa benchi. Bambo ake kulibe, ine msana watha, ndipo sindingamatumize mwana kukangokhala pansi tsiku lonse."

"Amake Asiyatu, mundisiyire mwanayu," ndinatero, dzanja lili pachifuwa. "Chaka chino awerenga."

Ndinkadziwa chimene mwanayo ankasowa. Ankasowa kabuku kosavuta kakekake, koti azigwira yekha n'kupita nako kunyumba, ndiponso munthu woti azikhala naye pansi pang'onopang'ono pamene ine ndikulimbana ndi khamu lija. Zonse ziwirizi ndinalibe. Lonjezo ndiye ndinali nditapereka, koma miyezi inkatha mwanayo akuimbabe nawo limodzi ndi anzake.

Ndiye tsiku lina mayi Chimwaza anabwera ndi uthenga. Anati kuli mayi wina ku Area 43, mayi Kamphinda, amene anapuma ntchito mu ofesi ina yaikulu ku City Centre. Iwo ndi anzawo anasindikiza timabuku tating'ono ta Chichewa, ndipo anali ndi atsikana ophunzitsidwa bwino oti azithandiza ana otsalira m'kalasi. Anamva za gulu lathu, ndipo anatiitana kunyumba kwawo Loweruka m'mawa. Ine nditangomva, m'maganizo mwanga Asiyatu anali atagwira kale buku m'manja.

Tsikulo ndinavala suti yomwe ndinasoketsa pa ukwati wa mng'ono wanga, ndi nsapato zazitali za pa kaunjika zomwe zinali zisanayendepo mtunda. Anzanga anagwirizana zokumana ku depoti kuti apitire limodzi. Ine ndinati ayi, Lilongwe ndinabadwira momwemo, ndikakupezani komweko. Minibasi ya ku Kanengo inanditsitsa pa msewu waukulu, ndipo ndinalowa modzidalira.

Amene simunayendepo wapansi ku Area 43, musayerekeze. Kulibe okala, kulibe mayi wa mandasi, kulibe mwana wosewera panjira woti n'kumufunsa. Ndi mipanda yokhayokha, yaitali, mageti ofanana, ndi agalu amene umangomva mawu osawaona. Eni ake amadutsa pa galimoto magalasi atatseka. Oyenda pansi ndi antchito, ndipo nthawi imeneyo anali atalowa kale m'mipandamo. Foni yanga inalibe mayunitsi (tsiku lililonse lofunika pa moyo wanga foni imakhala ilibe mayunitsi). Ndinazungulira mpaka nsapato zija zinandisupula zidendene, ndinazivula n'kuzigwira m'manja. Kenako ndinagogoda pa geti ina kuti ndifunse njira. Mlonda anatsegula kazenera, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ntchito kulibe, mayi. Wochapa anapeza kale."

"Bambo, ine ndine mphunzitsi."

Anayang'ananso mapazi anga afumbi aja. "Olo mukhale mphunzitsi, anapeza kale."

Anandipulumutsa ndi bambo wina wokankha njinga ya makala, amene amadziwa geti iliyonse ndi mtima wa mwini wake. Koma pamene ndinkafika, msonkhano unali kumapeto. Anzanga anali atamwa kale tiyi, m'mbale mutatsala nyenyeswa. Ndinakhala kumbuyo, n'kubisa mapazi pansi pa mpando. Mayi Kamphinda, mayi aafupi a imvi, ovala mwawamba, anali akumaliza kuyankhula.

"Ndiye monga ndafotokozera, chaka chino tingakwanitse sukulu imodzi yokha. Sabata ikubwerayi ndiyendera kalasi ya aliyense wa inu, ndimve ndekha mmene ana akuwerengera, kenako tisankha."

Potuluka anatidutsitsa m'galaja kuti tione. Makatoni a mabuku, mpaka kudenga. Ndinatenga kabuku kamodzi n'kukanunkhiza (musandiseke, amene atha zaka osagwira buku latsopano andimvetsa), ndipo mumtima ndinalumbira kuti mabukuwa akagona pa sukulu yathu. Mayi Chimwaza anandikoka dzanja.

"Mwaphonya zambiri, mwana wanga. Ndikufotokozereni m'njiramu?"

"Musavutike, amayi, ndamva zonse."

Safunsa adadya phula, koma ine ndinadya ndi njuchi zomwe. Ndinkachita manyazi kuti ndinachedwa, ndiye sindinafune kuoneka wotsalira kawiri. Komanso ndinkaona ngati palibe chofunsa. Chiyambireni uphunzitsi, mlendo wa pa galimoto akamabwera pa sukulu timadziwa chochita. Timasesa, miyala ya m'mbali mwa njira timaipaka laimu, matchati amene amagona mu kabati ya ahedi timawapachika, ndipo mwana wopanda yunifolomu amakakhala kumbuyo kwenikweni. Mlendo amaona zabwino, amalemba zabwino, ndipo amene waonetsa zabwino kwambiri ndiye amalandira. Ndi mmene ndinaleredwera pa ntchitoyi, ndipo amene anandilera analeredwanso chomwecho. Nditamva zoti "tisankha", mutu wanga unangoti apa pali mpikisano.

Vuto linali lakuti ine ndinalibe zabwino zoonetsa. Ana oimba akanandipulumutsa kwa mlendo woima pakhomo, koma mayiwa anali atanena kuti amva okha, ndipo kwathu anati afika Lachinayi. Lolemba nthawi ya buleki ndinapita kwa a Saidi, aphunzitsi a Sitandade 5, bambo osaseka wamba amene takhala nawo pa sukuluyi nthawi yaitali.

"A Saidi, ndabwera kudzabwereka."

"Choko chatha, madamu."

"Si choko. Ana."

Anaika kapu ya tiyi pansi. "Ana ake ati?"

"Anu. Odziwa kuwerenga, koma aafupi. Ndibweza tsiku lomwelo."

"Madamu, ine ndabwereketsapo dasitala, rula, ngakhale njinga. Koma ana sanandipemphepo munthu. Nanga anuwo apita kuti?"

"Akhala kwa inu. M'mawa wokha."

Ndinawafotokozera za makatoni aja, ndi za atsikana othandiza aja. Anakanda m'mutu nthawi yaitali, n'kunena kuti poti ndi zothandiza sukulu iwo alola, koma zikavuta dzina lawo lisamveke. (A Saidi, mundikhululukire, lamveka.) Ahedi nditawauza anati iwo sanamve kanthu ndipo sadzaona kanthu, kenako anatuma munthu kukagula laimu.

Kusankha kwake kunali kwa msinkhu. Ndinajambula mzere wa choko pa khoma, pa mulingo wa mwana wamtali wa m'kalasi mwanga, ndipo ana a ku Sitandade 5 ankabwera mmodzimmodzi kudzaima. Wopitirira mzere ankabwerera, ngakhale akhale wanzeru chotani. Mtsikana wina analira kuti wakanidwa chifukwa cha kutalika, osadziwa n'komwe chimene wakanidwira. Aafupi odziwa kuwerenga sanakwane kudzaza kalasi, ndiye ndinakapemphanso ku Sitandade 4. Pofika Lachiwiri, aphunzitsi ambiri pa sukulu anali atalowa m'chiwembu changa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anandiletsa. Wina mpaka anandibwereka ndi maluwa a pulasitiki oika pa tebulo.

Kenako panabuka vuto lina. Anawo ankawerenga bwino mopitirira, ndipo mwana wa Sitandade 2 sawerenga chotero. Ndiye masana tikaweruka ndinkatsala nawo kuwaphunzitsa kuwerenga movutikira. "Ika chala pa liwu. Kakamira pang'ono. Puma. Bwereza. Iwe, kwinya nkhope, usaoneke ngati n'zophweka." Tangoganizani, mphunzitsi wa m'gulu lotukula kuwerenga, thukuta lili kamukamu, akuphunzitsa ana odziwa kuwerenga kuti aziphonya. Ndipo ndikuuzeni chopweteka, pa zaka zanga zonse za uphunzitsi, phunziro limene ana anagwira msanga ndi limeneli.

Lachinayi m'mawa ndinaitana ana anga enieni. Ndinasiya ochepa amene amatha kuphatikiza zilembo pang'ono. Ena onse ndinawafoletsa pa mzere. "Lero mukakhala ku Sitandade 5, kwa a Saidi. Mukakhale chete, musatuluke, musasuzumire pa windo." Chifukwa chake sindinawauze. Asiyatu, poti ndi wamtali, ndiye anatsogolera mzerewo, jumbo ya makope ili m'khwapa. Obwereka aja analowa n'kukhala pansi, ndipo kalasi yanga inali isanaonekepo yadongosolo chotero.

Mayi Kamphinda anafika pa nthawi yake. Anakana mpando umene ndinawakonzera (wa ahedi, wa khushoni), anavula nsapato n'kukhala pansi pakati pa ana. Anatulutsa kabuku kawo komwe anawo anali asanakaonepo, n'kuyamba kusankha okha owerenga, kuyambira kumbuyo. Woyamba anakakamira bwinobwino monga tinaphunzirira, n'kumaliza tsamba. Wotsatira chimodzimodzi, mpaka anakanda m'mutu, chinthu chimene sindinamuphunzitse n'komwe. Kenako analoza kamtsikana kena ka Sitandade 5 kamene kamayambitsa nyimbo pa asembule. Kanaiwala zonse. Kanawerenga ngati wolengeza nkhani pa wailesi, mpaka kusintha mawu pofika poyankhula munthu wa m'nkhanimo. Ine ndinatsokomola, ndinatsokomolanso, koma kanapitirira mpaka kumapeto.

"Iwe mwana, wakuphunzitsa ndani kuwerenga chonchi?" anafunsa mayiwo.

Kamtsikanako kanandiyang'ana, ine n'kukatuzulira maso. "Madamu awa," kanatero.

Mayi Kamphinda anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Aphunzitsi, sabata ino ndayenda m'makalasi ambiri, ndipo ndimabwerera kunyumba mtima utasweka. Lero mwandipatsa mphamvu. Kalasi yotereyi, pafupi ndi msika, popanda mabuku. Mulungu akudalitseni."

Galimoto itatuluka, ndinabweza ana a eni onse amphumphu. Anga a Saidi anawabweretsa nthawi yoweruka itakwana, ali wefuwefu. Anati anayesa kupitiriza masamu ndi ana awo otsala, koma wina wa anga anagona pa mapazi awo, wina analira kuti akufuna madamu ake, ndipo wina anafunsa ngati kuno nakonso amaimba. A Saidiwo ndinawagulira chakumwa chozizira. Kenako ndinalowa mu ofesi ya ahedi kukawauza kuti ayambe kuchotsa zinyalala mu kabati, mabuku akufuna malo. Loweruka lisanafike ndinali nditaganiza kale ndi katoni imene ndidzayambe kutsegula.

Zotsatira anakalengezera mu holo ina ku City Centre. Panali ife a gulu, mahedi athu, ndi akuluakulu ena ovala mataye. Ulendo uno ndinapita limodzi ndi anzanga, nsapato zafulati, ndipo ndinakhala kutsogolo kuti poitanidwa ndisavutike ndi kudutsa anthu. Mayi Kamphinda anaimirira.

"Monga tinagwirizana kunyumba kwanga kuja," anatero, "mabuku ndi atsikana othandiza apita kumene bala ndi lalikulu, ku sukulu imene ana akuvutika kuposa onse. Ndikukuthokozani aphunzitsi chifukwa simunandibisire kanthu." Anatchula sukulu ina ya kuseri kwa depoti, kumene mnzathu anangowaonetsa ana ake mmene alili.

Ndinatembenukira kwa mayi Chimwaza. "Akuti chiyani?"

"Zimene ananena poyamba penipeni tsiku lija," ananong'ona. "Si munati munamva zonse?"

Ndisanameze n'komwe malovu, ndinamva dzina langa. Mayi Kamphinda anati pali mphunzitsi mmodzi amene sakusowa thandizo lawo, iwo ndi amene akusowa lake. Anafotokoza zonse zimene anaona m'kalasi mwanga, ndi za kamtsikana kosintha mawu kaja, n'kundipempha kuti ndibwere ndiuze anthu chinsinsi changa. Ndinanyamuka n'kukaima pambali pawo. Anandipatsa maikolofoni. Anzanga a gulu aja, amene ndinkawadandaulira Loweruka lililonse kuti ana anga sadziwa kanthu, anali kukamwa yasa. Ahedi athu ankayang'ana pansi ngati agwetsa singano. Apa ndiye panali poti munthu wolimba mtima anene zoona. Ine ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Ndi khama basi. Khama ndi pemphero."

Anaomba m'manja nthawi yaitali. Bambo wina wa taye anaimirira n'kunena kuti aphunzitsi ena atengerepo chitsanzo, asamangodandaula za kuchuluka kwa ana ndi kusowa kwa mabuku, poti mayi awa akwanitsa popanda zonsezo. Ndiye kuti sindinangomana ana anga okha, ndinadulanso ndodo yokwapulira anzanga. Chakudya cha masana analipo anachiyamikira, ine sindinachikhudze n'komwe.

Pa siteji podikira minibasi, mayi Chimwaza anaima pafupi nane. Ndinaulula ndekha, misozi ili mbwembwembwe, kuyambira pa mzere wa choko mpaka pa kutsokomola. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena motsitsa mawu, "Mwana wanga, munawabisa ana kwa munthu yekhayo amene anabwera kudzawafuna." Tsiku lina anandiperekeza kwa mayi Kamphinda (ulendo uno sindinasochere, ngakhale ndinkalakalaka nditasochera). Mayiwo sanakalipe, bola akanakalipa. Anati mabuku anagawidwa kale, ali m'manja mwa ana, ndipo atsikana aja ayamba kale ntchito. Chaka chamawa adzaona ngati padzakhale mphamvu, ndipo akadzabwera sadzanena tsiku. Anandipatsa tiyi, ndipo ndinamwa ngati munthu wopatsidwa chilango.

Ku gulu kwathu ndinapepesa. Ena anakhululuka, ena mpaka lero akandiona amati, "Afika a khama ndi pemphero." Desiki ndinasiya kumenya. Zonsezi ndikanazipirira, chifukwa ndinazifuna ndekha. Koma mbiri ya kutamandidwa kwanga inathamanga kuposa ya kuulula kwanga. Ahedi, omwe aja ankayang'ana pansi mu holo, anakalengeza pa msonkhano wa makolo kuti Sitandade 2 yathu yaposa sukulu zonse. (Pambuyo pake anati zinangowapulumuka m'kamwa.) Posakhalitsa Asiyatu anasiya kubwera, mwana wosajomba uja. Ndinadikira, ndinafunsa anzake, kenako tsiku lina nditaweruka ndinalowa mumsika.

Ndinawapeza ku mzere wa zitenje. Asiyatu anali atagwira nsonga ya nsalu, amayi ake nsonga inayo, akupinda. Atandiona, mwanayo anagwada kundipatsa moni, amayi ake n'kundikokera kampando.

"Madamu, mwatichitira ulemu. Mbiri yanu taimva, akuti ana anu onse akuwerenga ngati akuluakulu. Mulungu akupatseni moyo."

"Amake Asiyatu, mwanayu sakubwera kusukulu."

"Ndamuchotsa, madamu. Kale ndinkati mwina vuto ndi sukulu. Koma ngati anzake onse akutha, kwa mphunzitsi woposa onse m'tauni muno, iye yekha ayi, ndiye kuti ndi mutu wake. Tisakuvutitseni. Kuno ndiye akutha, nsalu amayeza bwino."

Ananena zimenezi mwanayo ali pomwepo, maso ali pa nsalu.

Zimene ndinalephera kunena pa maikolofoni ndinazinena pamenepo, pakati pa msika, amayi a mabenchi oyandikana atasiya makasitomala n'kutchera khutu. Ndinati ana anga sawerenga, si Asiyatu yekha, ndi ambiri. Amene anawerenga tsiku lija anali obwereka. Mutu wa mwanayu ulibe vuto, vuto ndine, ndipo thandizo limene likanabwera ndinalithamangitsa ndekha. Mayi wina wa pa benchi yapafupi anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuitana mnzake kuti adzaone mphunzitsi wobwereka ana. Amake Asiyatu sanaseke. Anamaliza kupinda nsalu ija, n'kuiika pa mulu.

"Ndiye tsiku limenelo wangayu munamuika kuti?"

"Ku Sitandade 5, amayi. M'mawa wokha."

"Ndiye chifukwa chake," anatero. "Tsiku limenelo anafika kuno akuthamanga. Anati madamu andikweza kalasi, lero ndakhala ndi akuluakulu. Ndinamugulira ndi kope latsopano. Mawa lake atauzidwa kuti akhalenso ku Sitandade 2, anangoti mwina analakwa kanthu kumeneko."

Ndinawapempha kuti mwanayo abwerere kusukulu. Anati aganiza, ndipo mpaka lero akuganizabe. Sindingawakakamize, chifukwa mawu anga anawakhulupirirapo kale. Ndikaweruka ndimapitako, timakhala kuseri kwa mulu wa zitenje n'kumayesa zilembo zingapo, mpaka kasitomala abwere, mwanayo n'kudzuka kukayeza nsalu. Amayi a mabenchi aja akandiona amauzana kuti, "Bisani ana, afika." Ine ndimaseka nawo, nanga n'kutani.

Mukandifunsa ngati ndaphunzirapo kanthu, ee, ndaphunzira, ndipo chandilowa mpaka m'mafupa. Chondiwawa n'chakuti pa nkhani yonseyi wophunzira ndakhala ine mphunzitsi, pamene mwana amene amafunika kuphunzira uja ali mumsika, akupinda nsalu.